Kusankha Makina Ojambulira DVD Osamutsira Makanema a Banja: Mafunso ndi Mayankho

M'nyumba zambiri muli makaseti a kanema amene anajambulidwa pa zinkhoswe, maukwati, maliro ndi miyambo yomaliza maphunziro, ndipo ambiri papita zaka asanaonetsedwe chifukwa makina ake anawonongeka kapena anatayidwa. Kampani ya Funai ya ku Japan, yomwe inali yomaliza kupanga makina oonetsera makaseti a VHS, inasiya ntchitoyi mu 2016, choncho makina otsala akungocheperachepera pamene matepiwo akukalamba. Njira imodzi yopulumutsira makanemawa ndi kuwasamutsira pa zimbale za DVD pogwiritsa ntchito makina ojambulira oima paokha.

Kodi makina ojambulira DVD oima paokha ndi chiyani?

Awa ndi makina ooneka ngati DVD player wamba, koma kuwonjezera pa kuonetsa zimbale, amalandira chithunzi ndi mawu kuchokera ku chipangizo china kudzera pa zingwe n'kuzilemba pa chimbale chopanda kanthu, osadalira kompyuta. Pa kaseti ya VHS chithunzi chimasungidwa m'njira ya analogi, kutanthauza kuti chimalembedwa pa tepi ngati mphamvu ya maginito yokwera ndi kutsika mosadukiza, pamene pa DVD chimasungidwa ngati manambala okhaokha, njira imene imatchedwa dijito. Makinawa amasandutsa chithunzi cha analogi kukhala manambala, kenako amawapanikiza ndi njira ya MPEG-2 kuti akwane pa chimbale cha 4.7 GB. Kampani ya Pioneer ndiyo inayamba kugulitsa makina otere ku Japan mu 1999, ndipo anafala kwambiri cha m'ma 2005, koma makampani ambiri anasiya kuwapanga, moti wogula wa lero nthawi zambiri amasankha pakati pa makina ogwiritsidwapo kale ntchito. Kusamutsako sikufulumizidwa: kaseti ya maola 3 imafuna maola 3 athunthu.

Kodi makaseti a mitundu yonse angasamutsidwe ndi makina amodzi?

Makina ojambulira DVD angalandire chithunzi kuchokera ku mtundu uliwonse wa kaseti, koma pamafunika chipangizo china choonetsera kasetiyo, ndipo apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Kaseti yaikulu ya VHS, imene kampani ya JVC inatulutsa mu 1976, imafuna makina amene ambiri amangowatchula kuti deki. Kaseti yaing'ono ya VHS-C ili ndi tepi yofanana ndi ya VHS, choncho imaikidwa mu adaputala yooneka ngati kaseti yaikulu n'kulowetsedwa mu deki yomweyo. Makaseti a Video8 a mu 1985 ndi a Hi8 a mu 1989 ndi nkhani ina: tepi yake ndi ya mamilimita 8 m'lifupi pamene ya VHS ndi ya theka la inchi, ndipo kalembedwe ka chithunzi n'kosiyana, moti palibe adaputala imene ingachititse deki ya VHS kuwaonetsa, ngakhale kuti anthu ambiri amaifunafuna m'masitolo. Makaseti amenewa, pamodzi ndi a MiniDV amene anabwera mu 1995, amaonetsedwa ndi kamera ya mtundu wake, ndipo makamera ena a Sony a Digital8 amatha kuonetsanso Video8 ndi Hi8, koma si onse.

Kodi kanema akasamutsidwira pa DVD amaoneka bwino kuposa pa kaseti?

Ayi, ndipo chikhulupiriro chimenechi chimakhumudwitsa ambiri. Kuoneka bwino kwa chithunzi kumayezedwa ndi kuchuluka kwa timizere timene tingasiyanitsidwe pa sikirini, ndipo VHS imafika pafupifupi 240, Hi8 ndi S-VHS (mtundu wa VHS wa chithunzi chabwinopo) pafupifupi 400, pamene DVD imafika pafupifupi 500. Chimbale chili ndi malo a chithunzi chabwino, koma sichingapange zimene kamera sinajambule. Chimene makina abwino angachite ndi kuwongola chithunzi chogwedezeka ndi kuchepetsako timadontho tophethiraphethira, ndipo makina oipa angawonjezere zilema zawo pamwamba pa za tepi.

Kodi makina okhala ndi deki ndi DVD m'bokosi limodzi si ndiwo abwino koposa?

Ndi osavuta kugwiritsa ntchito, pakuti kaseti imalowa mbali ina, chimbale mbali ina, ndipo batani limodzi limayambitsa ntchito popanda chingwe chilichonse cholumikiza. Kwa banja limene lili ndi makaseti ochepa osungidwa bwino, makina ngati Panasonic DMR-EZ48V amakwanira. Vuto lake ndi lakuti mbali ya deki m'makina ambiri otere inapangidwa VHS itayamba kale kutha msika, ndi zipangizo zopepuka zotsika mtengo, ndipo siilondola bwino mizere ya pa tepi yovuta. Kulondola kumeneku, komwe pa rimoti kumalembedwa kuti tracking, ndiko kugwirizanitsa timitu towerenga tepi ndi mizere yopendekeka imene chithunzi chinalembedwamo. Makaseti ojambulidwa pa liwiro lochepa la LP ali ndi mizere yopyapyala kwambiri, ndipo kawirikawiri amaoneka bwino mu deki imene inawajambula kuposa mu ina iliyonse. Chifukwa cha ichi, amene ali ndi makaseti ambiri ochokera kwa ojambula osiyanasiyana amapindula akakhala ndi deki payokha ndi makina ojambulira paokha, kuti kaseti ikakanika mu deki ina ayese ina, komanso kuti chimodzi chikawonongeka chinacho chisafe nacho limodzi.

Nanga chofunika kwambiri kuyang'ana posankha makinawa n'chiyani?

Chofunika koposa dzina la kampani, kukula kwa hard disk kapena kuchuluka kwa mabatani ndi mmene makinawo amalandirira siginolo yosakhazikika, siginolo kutanthauza mphamvu ya magetsi imene imanyamula chithunzi m'chingwe. Chithunzi cha kanema chimapangidwa ndi mizere yopingasa imene imayenera kuyamba pa nthawi yake yeniyeni, ndipo m'dongosolo la PAL, limene linatsatidwa kuno, mzere uliwonse umatenga magawo 64 mwa magawo 1,000,000 a sekondi. Tepi ikatanuka chifukwa cha kutentha ndi ukalamba, kapena liwiro la deki likasinthasintha pang'ono, mizere ina imayamba msanga ndipo ina imachedwa. Pa sikirini zimenezi zimaoneka poyera: mafelemu a zitseko ndi mizati ya tchalitchi imakhotakhota, kumtunda kwa chithunzi kumapindikira mbali imodzi, ndipo nthawi zina chithunzi chonse chimadumpha. Mawailesi akanema akale a galasi lokhuthala ankapirira zolakwika zotere mosavuta, koma makina a dijito ndi okhwimitsa malamulo, moti ena amataya zithunzi, ena amaonetsa sikirini ya buluu, ndipo ena amangosiya kujambula pakati pa mwambo.

Mankhwala ake ndi kachipangizo kotchedwa time base corrector, mwachidule TBC, kamene kamasunga mzere uliwonse kwa kanthawi n'kuutulutsa pa nthawi yoyenera. Madeki ena a S-VHS a JVC ndi Panasonic ali nako m'kati, koma ndi osowa komanso okwera mtengo. Makina ojambulira a Panasonic DMR-ES10 a mu 2005 ndi DMR-ES15 a mu 2006 anatchuka chifukwa chowongola mizere yokhota mwamphamvu, mpaka anthu odziwa ntchitoyi amawagula ngakhale mbali yolembera chimbale itafa, n'kumangodutsitsamo siginolo popita ku makina ena kapena ku kompyuta. Komabe alinso ndi chilema chawo, chifukwa kasefa kawo kochotsa timadontho kamatha kufafaniza nkhope ndi kusiya mthunzi wotsatira munthu woyenda, choncho ndi bwino kukazimitsa ngati tepi si yoipitsitsa. Makina ena a JVC, monga DR-M10, amadziwika ndi luso lina, loyeretsa mitundu yothimbirira, koma sawongola chithunzi ngati a Panasonic aja. Palibe makina amodzi opambana pa zonse, ndipo kusankha koyenera kumayambira pa kuonera makasetiwo kaye kuti chilema chawo chenicheni chidziwike.

Kodi kumbuyo kwa makina kuyenera kukhala malo olumikizira otani?

Chofunika ndi malo olowetsera, olembedwa kuti IN, osati otulutsira. Pafupifupi makina onse ali ndi timabowo titatu tozungulira: kachikasu ka chithunzi, kofiira ndi koyera ta mawu. Kachikasuko kamanyamula kuwala ndi mitundu mu waya umodzi, pamene S-Video, kabowo kokhala ndi timapini 4, kamazilekanitsa ndipo kamapereka chithunzi choyera kuposa. Phindu la S-Video limapezeka pokhapokha ngati choonetsera nacho chili ndi malo otere, monga kamera ya Hi8 kapena deki ya S-VHS, pakuti madeki wamba a VHS alibe. Makina ochokera ku Britain ndi maiko ena a ku Ulaya amakhala ndi SCART, cholumikizira chachikulu cha mapini 21, ndipo pa makina okhala ndi ziwiri, chimodzi chimapita ku wailesi yakanema ndipo chinacho n'cholandirira. Chingwe cha eriyo chisagwiritsidwe ntchito posamutsa chifukwa chimatsitsa chithunzi ndi mawu omwe. HDMI imanyenga ambiri: pa makina ojambulira DVD imangotulutsa chithunzi kupita ku sikirini, silowetsa, ndipo siikhudza zolembedwa pa chimbale.

Kodi makina ogulidwa kunja angagwire ntchito ndi makaseti a kuno?

Zimadalira dziko limene achokera. Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique, South Africa ndi Britain anatsata dongosolo la PAL, la zithunzi 25 pa sekondi ndi mizere yooneka 576, pamene United States, Canada ndi Japan anatsata NTSC, ya zithunzi pafupifupi 30 pa sekondi ndi mizere 480. Makina ogulidwa ku Johannesburg kapena ku London amagwirizana ndi kaseti yojambulidwa ku Blantyre kapena ku Chipata, koma ochokera ku America kawirikawiri amakana PAL, ndiponso anapangidwira magetsi a ma volt 120, a ku Japan a ma volt 100, pamene m'maiko a kuno magetsi ndi a ma volt 220 mpaka 240, moti kuwalumikiza popanda thiransifoma kungawatenthe. Makina ambiri a ku Ulaya amalandira madongosolo onse awiri, koma salola kuwasakaniza pa chimbale chimodzi. Kaseti ya NTSC yotumizidwa ndi achibale a ku America ili ndi msampha wake: madeki ambiri a PAL amaionetsa bwino pa wailesi yakanema potulutsa siginolo yosakanikirana yotchedwa PAL-60, imene makina ojambulira ambiri amaikana kapena kuijambula yopanda mitundu. Nkhaniyi isasokonezedwe ndi manambala a zigawo, otchedwa region code, amene makampani a mafilimu amaika pa zimbale zogulitsa, chifukwa chimbale chojambulidwa pakhomo chilibe loko wotere.

Kodi pa chimbale chimodzi pajambulidwe maola angati?

Makina ambiri amapereka njira zinayi: XP ya ola limodzi, SP ya maola 2, LP ya maola 4 ndi EP ya maola 6 kapena 8. Chimbalecho sichikula, choncho maola akachuluka, manambala osungidwa pa sekondi iliyonse amachepa, kuchoka pa mamegabiti pafupifupi 10 pa XP kufika pafupifupi 5 pa SP, ndi theka la pamenepo pa LP. Anthu ambiri amaganiza kuti popeza chithunzi cha VHS n'chotsika kale, LP ingakwanire, koma zoona zake n'zosemphana ndi zimenezi. MPEG-2 imasunga chithunzi chathunthu pafupifupi kawiri pa sekondi, ndipo pakati pake imangolemba zimene zasintha. Filimu ya akatswiri yojambulidwa ndi kamera yokhazikika imasintha pang'ono, koma kanema wa banja amasintha paliponse nthawi imodzi, chifukwa kamera ili m'manja ogwedezeka, ndipo timadontho ta pa tepi makina amationa ngati zinthu zoyenda zofunika kusungidwa. Gawo la perekaniperekani pa ukwati ndi mayeso okhwima: anthu akuvina modzaza holo, zitenje za maluwa ang'onoang'ono zikugwedezeka, ndalama za mapepala zikuuluka m'mwamba, ndipo wojambula akutembenuka uku ndi uku. Pa LP chithunzi chotere chimasweka kukhala timabokosi, nkhope za akumbuyo n'kusazindikirikanso, pamene ulaliki wa m'busa woima malo amodzi pa chimbale chomwecho umaoneka bwinobwino.

Malire oyenera ndi maola 2 pa chimbale. Kaseti yolembedwa E-180 imatenga maola 3, choncho ndi bwino kuigawa pa zimbale ziwiri za mphindi 90. Apa pamaoneka phindu la makina olola munthu kutchula yekha kutalika kwa kanema kuti chimbale chidzaze bwino, njira imene Panasonic imaitcha FR ndipo Pioneer imaitcha MN. Zimbale za magawo awiri za 8.5 GB zilipo, koma si makina onse amazilemba ndipo zimalephera kawirikawiri kuposa za gawo limodzi.

Kodi makina okhala ndi hard disk ndi oyenera mtengo wake?

Kwa amene ali ndi makaseti ambiri, inde. Kanema amayamba wajambulidwa pa hard disk, imene pa makina ambiri inali ya 80 GB mpaka 250 GB, kenako mbali zosafunika zimadulidwa, zigawo zimapatsidwa mayina, ndipo zotsalazo zimalembedwa pa chimbale m'mphindi zochepa popanda kupanikizidwanso. Zimbale za achibale a kuchimuna ndi kuchikazi zingalembedwe kuchokera pamenepo, kaseti osazunguliranso. Kumene magetsi amathimathima phindu lake n'lalikulu, chifukwa akathima chimbale chikulembedwa nthawi zambiri chimawonongeka, ndipo ndi hard disk nthawi yoopsayo imafupika kuchoka pa maola kufika pa mphindi, ngakhale kuti kabokosi kosunga magetsi ka UPS kamafunikabe. Chenjezo ndi lakuti njira yojambulira, monga XP kapena SP, isankhidwe poyamba pomwe mogwirizana ndi kukula kwa chimbale, apo ayi makina adzapanikiza kanemayo kachiwiri ndipo chithunzi chidzatsika.

N'chifukwa chiyani chimbale chimaoneka pa makina amene anachijambula koma chimakana kwina?

Nthawi zambiri chimakhala kuti sichinatsekedwe. Kutseka, kolembedwa pa sikirini kuti finalize, ndi ntchito ya mphindi zochepa imene makina amalemba mndandanda wa zamkati umene ma DVD player ena amafuna kuti achizindikire chimbalecho. Ntchitoyi imachitikira pa makina amene anachijambula, choncho kuunjika zimbale zosatseka n'cholinga chodzazitseka tsiku lina n'kuika ntchito yonse pa chiswe, pakuti makinawo akafa, kupeza ena ozivomera kumavuta. Chifukwa chachiwiri ndi mtundu wa chimbale. DVD-R, imene imalembedwa kamodzi kokha, imavomerezedwa ndi makina ochuluka kwambiri, ndipo DVD+R imatsatira pafupi. Zimbale zofufutika za DVD-RW ndi DVD+RW n'zabwino poyesera, pamene DVD-RAM, yokondedwa ndi makina a Panasonic, ma player ambiri saiwerenga. Makina akafunsa pakati pa Video mode ndi VR mode, yoyambayo ndiyo imaoneka paliponse.

Nanga makina akakana kujambula n'kulemba kuti kanema ndi wotetezedwa, pamene ndi wa banja?

Makaseti a mafilimu ogulitsa ankaikidwa chitetezo chotchedwa Macrovision, timasiginolo tobisika m'mbali ya chithunzi yosaoneka pa sikirini, ndipo makina ojambulira DVD anapangidwa kuti azisiya kujambula akationa. Tepi ya pakhomo yokwinyika kapena yojambulidwa mobwerezabwereza nthawi zina imatulutsa zosokoneza m'mbali yomweyo, makina n'kuziyesa chitetezo. Kusintha deki, kukonza tracking kapena kudutsitsa siginolo mu TBC kawirikawiri kumathetsa vutoli.

Kodi makina ogwiritsidwapo kale ntchito ayesedwe bwanji asanagulidwe?

Kuyaka kwa nyali ndi kutseguka kwa thireyi si umboni wokwanira, ngakhalenso kuonetsa chimbale cha filimu, chifukwa laser, kuwala kumene kumawerenga ndi kulemba chimbale, imafuna mphamvu zambiri polemba ndipo imayamba kulephera pamenepo ikadali yotha kuwerenga. Wogula apite ndi chimbale chopanda kanthu ndi kaseti yake yovuta kwambiri, ajambule mpaka chimbale chidzaze ngati wogulitsa alola, achitseke, kenako achiyese pa player ina. Rimoti yake ikhalepo, popeza pa makina ambiri kutseka chimbale ndi kusankha malo olowetsera sikutheka ndi mabatani a kutsogolo. Mbali yolembera chimbale pa makina ambiri si yofanana ndi ya mu kompyuta, ndipo ikafa siipezeka mosavuta, pamene vuto lina lofala, la makapasita otupa m'gawo la magetsi, amisiri a mawailesi amalikonza ndi ndalama zochepa.

Makasetinso afunika kuunikidwa. Pa kawindo koonekera ka kaseti, m'mphepete mwa tepi yokulungidwayo mukaoneka timadontho toyera kapena ufa wotuwa, imeneyo ndi nguwi yobwera ndi chinyezi, ndipo kaseti yotere ikalowetsedwa mu deki imatseka timitu towerenga n'kupatsira makaseti otsatira, choncho iyambe yatsukidwa ndi wodziwa ntchitoyo. Kapulasitiki kakang'ono ka kumsana kwa kaseti ya VHS kathyoledwe ntchito isanayambe, kuti batani lojambulira likadinidwa mwangozi lisafufute kanema.

Kodi kompyuta si yabwino kuposa makina amenewa?

Pa makaseti a analogi, kompyuta yokhala ndi chipangizo chabwino cholandirira kanema imasunga chithunzi chosapanikizidwa kwambiri chimene chingakonzedwe pambuyo pake, koma imafuna luso, nthawi ndi malo aakulu osungira, ndipo tizipangizo totsika mtengo ta USB kawirikawiri timapereka zotsatira zoipa kuposa makina ojambulira abwino. Pa MiniDV yankho ndi lomveka: kanemayo ndi wa dijito kale, pafupifupi 13 GB pa ola, ndipo chingwe cha FireWire, chotchedwanso i.LINK, chimamukopera mu kompyuta osataya kanthu. Makina okhala ndi malo olembedwa DV IN amalandira kanema yemweyo, koma amamupanikiza kuti akwane pa 4.7 GB, choncho DVD ikhale yoonera chabe, osati yosungira.

Kodi zimbale zikatha kulembedwa, makaseti angatayidwe?

Asatayidwe. Chimbale cha DVD-R chimasunga manambala pa utoto wopyapyala umene laser inawotcha, ndipo utotowo umawonongeka ndi dzuwa, kutentha ndi chinyezi, makamaka pa zimbale zotsika mtengo zopanda dzina lodziwika. Tepi ikakalamba chithunzi chimafooka pang'onopang'ono koma chimaonekabe, pamene chimbale chikayamba kulephera, gawo lonse limakana kutseguka. Mapepala omata pamwamba pa chimbale amachipendeketsa pozungulira, choncho dzina la mwambo ndi chaka zilembedwe ndi cholembera chofewa cha inki. Chimbale chilichonse chikangotsekedwa, foda yake yotchedwa VIDEO_TS, momwe muli mafailo a VOB onyamula kanemayo, ikoperedwe pa kompyuta ndi pa hard disk ina, ndipo imodzi isungidwe kunyumba ya wachibale. Makasetiwo aimikidwe chilili m'makatoni awo pamalo ouma ndi ozizira, kutali ndi masipika chifukwa cha maginito ake, pakuti chimbale chikalephera kapena makina abwinopo akapezeka, kaseti ndiyo yokha imene ingalole kuti ntchitoyi ibwerezedwe.